Musatsegule Botolo la Leobardo

Arvin, California
17 Okutobala 1992

Okondedwa achemwali anga Otilia,

Ndayamba ndi moni, poti amayi anatiphunzitsa kuti ngakhale nyumba yako ikupsa, pakhomo pa mwini umayamba wapereka moni kenaka n'kupempha madzi. Muli bwanji achemwali? Bondo lija likukulolani kukwera phiri kupita kumunda? Alamu a Saturnino ali bwanji? Mwana wanu Rufina ayenera kuti tsopano akuyenda atagwira msana, poti mwa kuwerenga kwanga mimba yake yafika miyezi isanu ndi itatu. Nanga amayi, shuga wawo watsika, kapena akubisabe buledi wotsekemera m'shawelo? Ine m'thupi ndili bwino. Mlamu wanu Herminia ndiye sali bwino, ndipo n'chifukwa chake ndikulemba.

Kalatayi muyambe mwawerenga nokha, kuseri kwa nkhokwe kapena kwina kulikonse kopanda anthu. Musachite zija mumachita nthawi zonse, zong'amba envulopu pamaso pa amayi n'kuyamba kuwawerengera mokweza musanadziwe zimene zili m'munsi. Ndapatsira bambo Melquiades, amene akubwera kudzagwira chaka chawo cha ntchito ya mudzi. Akwera basi ku Tijuana mawa ndipo sagona panjira. Andilonjeza kuti adzayamba agogoda kwanu asanaone n'komwe khomo lawo.

Lamya ndinayesa katatu. Kawiri sinalowe, akuti mvula yagwetsa mapolo kumtunda kwa Juxtlahuaca. Kachitatu inalowa, ndipo ndinauza mayi wa pasitolo uja kuti akuuzeni musamasule katundu aliyense wochokera kuno mpaka kalata yanga itafika. Ngati anamva sindikudziwa. Lamya inkachita phokoso ngati matalala pamalata, iye n'kumangoti eya, eya, katundu akubwera, kenaka inaduka.

Nkhani za kuno ndi zochepa. Mphesa tamaliza. Zoumika pamapepala tinazikulunga mvula isanatipeze, ndipo tsopano tikudikira zodulira mu Disembala. Amalia, mkazi wa malemu mng'ono wathu Leobardo, wapeza ntchito kosankha karoti, ndipo ana awiri aja akukula ngati chimanga cha pachulu. Wamng'onoyo wayamba kuyenda mokoka phazi lamanzere ngati bambo ake, popanda womuphunzitsa. Mphepo ndiyo yativuta chaka chino. Ikayamba masana mapiri a kum'mawa amasowa, dzuwa limafiira ngati mbale ya mkuwa, ndipo ukatsuka m'kamwa pobwera kuntchito umalavula matope.

Mukukumbukira kaseti imene amayi anatitumizira mu Ogasiti. Wailesi munagwira ndinu, ndimakumvani mukuwanong'oneza kuti ayandikire. Ndaimvetsera mpaka yayamba kutafuna mawu. Ankati kuyambira tsiku lija la mu Januwale pamene galimoto inagubuduka m'chifunga n'kupha mng'ono wathu, iwo sagona bwino, chifukwa Leobardo wagona m'dothi lachilendo. Ankati tsiku la Akufa likafika, akufa anzake onse adzatsata maluwa achikasu kuchokera kumanda mpaka pakhomo, iye yekha adzasochera poti kwathu kulibe fungo lake. Anati, Crescencio mwana wanga, thupi la mng'ono wako munalephera kulibweretsa, sindikukudzudzula, koma dothi la pamanda pake silifuna mapepala a boma, unditumizire lodzaza manja awiri. Kenaka anatsokomola, n'kuwonjeza kuti lisakhale la miyala, chifukwa mwanayo akapeza kamwala kamodzi m'nyemba ankasiya mbale yonse.

Ndinaseka pamenepo, achemwali, ndipo Herminia anaseka nane, misozi ili m'maso. Mawu amenewo ndi amene atifikitsa pano.

Lamulungu la pa 20 Seputembala, titatuluka m'tchalitchi, tinapita kumanda ndi supuni yaikulu ndi thumba la pepala. Kumanda kuno, mbali yakale ili ndi kapinga wothiriridwa tsiku ndi tsiku, wobiriwira ngati wopentedwa. Leobardo ali kumapeto, mbali yatsopano kumene sanabzalebe kanthu, pafupi ndi mpanda. Kuseri kwa mpandawo kuli thengo louma limene khasu silinalowepo, lodzaza mauna a agologolo aja okhala pansi. Dothi la pamanda linali litauma gwa, supuni inkangopindika. Koma chakumutu kwake agologolo anali atakumba una, n'kuunjika kamulu ka dothi lofewa. Ndinauza Herminia kuti taona, ngakhale tinyama tatithandiza. Tinatapa pamenepo.

Titafika kunyumba, Herminia anayang'ana m'thumba n'kunena kuti sangatumize zoterezi kwa apongozi ake. Munali timiyala, timizu, ndi zina za agologolo zimene sinditchula. Anatenga sefa yake ya ufa. Mphepo inali itayamba, ndiye anatseka mazenera onse a kukhitchini ndi chitseko chomwe, akuti lingauluke n'kuchepa, amayi n'kunena kuti tawamana. Anasefa kawiri, pang'onopang'ono, akuimba nyimbo ija ya maliro ya kwathu. Ine sindinathe kupirira kuona mng'ono wanga akudutsa mu sefa, ndinakakhala panja pa sitepe.

Nditalowa, dzuwa linali litapyoza pa katani, ndipo khitchini yonse inali fumbi lokhalokha likuyandama ngati utsi wa lubani. Herminia anali mbuu, nsidze ndi tsitsi lomwe. Ndinamuseka kuti ndinakwatira mtsikana koma ndapeza agogo. Iye anati, sekani bwino bambo inu, mukadzafa lanu ndidzatumiza ndi miyala yomwe, ndi za agologolo zomwe. Anayetsemula katatu, n'kundionetsa botolo. Dothi linali losalala ngati pinole, ufa uja wa chimanga chokazinga, lokongola ndithu. Ndinamuuza kuti amayi adzasangalala.

Patatha masiku khumi ndi awiri anayamba kutsokomola. Tinati ndi chimfine, poti theka la anthu a mumsewu mwathu akutsokomola chaka chino, ndi agalu omwe. Anamwa tiyi wa mandimu, n'kupitiriza kuphikira anyamata a m'minda monga mwa masiku onse. Ndi iye amene anakulunga botololo m'malaya a Leobardo, n'kuliika m'katoni, ndipo pa 6 Okutobala tinakapereka kwa bambo Aniceto aja amanyamula katundu wa anthu pa lole yawo. Tsiku limenelo anali atatentha kale thupi, koma anakana kutsala, akuti akufuna aone ndi maso ake kuti katoniyo sayikidwa pansi pa matayala a njinga za anthu.

Kenaka zinakula. Thukuta lonyowetsa zofunda, chifuwa kubaya akapuma ngati muli minga, mawondo ndi akakolo kutupa. M'misongolo munatuluka zotupa zofiira, zolimba, zopweteka ngati wamenyedwa ndi chikuni. Mukumudziwa mlamu wanu, munthu amene anabereka Lachiwiri n'kukachapa kumtsinje Lachisanu. Ndinamupeza atakhala pansi m'khitchini, atatsamira chitofu, akuti akupumulako kaye asanamalize ulendo wopita ku firiji.

Kuchipatala anayamba anena kuti ndi chibayo, n'kutipatsa mapiritsi amene sanathandize. Titabwerera anamujambula chifuwa, n'kutenga magazi, ndipo Lachitatu lapitali tinaitanidwa ndi dokotala wina, mayi wa imvi wolankhula Chisipanishi chothyokathyoka. Anatiuza kuti ndi malungo a m'chigwa. Dzinali ndalimva kwa zaka zambiri m'minda, koma ndinkangoliyesa mawu amene akapitawo amanena munthu akasiya kubwera kuntchito.

Ndikuuzani monga anatiuzira, chifukwa mufunika kumvetsa. Si malungo a udzudzu. Si chifuwa chachikulu, ndipo munthu sapatsira mnzake, ngakhale mutamwera kapu imodzi. Ndi chuku, chonga chija chimamera pa chimanga chonyowa, koma ichi chimakhala m'dothi la chigwa chino, makamaka losalimidwa ndi la m'mauna a tinyama. Mvula ikagwa pambuyo pa chilala chachitali, monga yachitira zaka ziwirizi, chimakula pansi mwakachetechete. Dothi likauma chimaduka tizidutswa tosaoneka ndi maso, ndipo timakwera ndi fumbi. Munthu ukapuma, timakamera m'mapapo. Anati anthu ambiri amadwala pang'ono n'kuchira osadziwa n'komwe, ndipo ine ndine mmodzi wa iwo, poti atandiyeza pakhungu anapeza kuti ndinadwalapo kalekale. Koma kwa ena chimachoka m'mapapo n'kupita m'mafupa, pakhungu, ngakhale m'mutu. Ndinafunsa kuti enawo ndi ati. Anawerenga pa zala zake: okalamba, a matenda a shuga, ndi amayi oyembekezera amene atsala pang'ono kuchira.

Achemwali, pamene ankapinda zala zija, ine ndinkaona nyumba yathu, ndi amene amakhalamo.

Dokotala anafunsa Herminia munda umene amagwiramo ntchito. Iye anati m'minda anasiya mu Julayi, amangophika kunyumba. Anafunsa ngati tinakumba chimbudzi kapena maziko, kapena ngati anapezedwa ndi mphepo ya fumbi panja. Herminia anapukusa mutu, kenaka anandiyang'ana, n'kundiuza m'chilankhulo chathu kuti, auzeni za sefa zija, nanga tibisa chiyani. Ndinafotokoza zonse, za kaseti, za agologolo, za mazenera otseka. Mayi uja anasiya kulemba, n'kuika cholembera pa tebulo. Sanatikalipire. Anati sangalumbire kuti ndi dothi limenelo, poti chaka chino chigwa chonse chikupuma chinthu chomwecho ndipo mabedi adzaza. Koma anati akanafuna kudwalitsa munthu dala, sakanapeza njira ina yoposa imeneyo. Kenaka anafunsa kuti dothilo lili kuti tsopano. Ndinati lili panjira.

Anafunsa ngati lingathe kubwezedwa. Ndinamuuza mmene bambo Aniceto amayendera, kuti amayamba akwera ku Madera, n'kutsikira ku San Quintín, n'kuima m'misasa ya tomato ku Sinaloa, kulikonse kumene kuli anthu a kwathu, ndipo palibe amadziwa kumene agona. Chimene tonse timadziwa n'chakuti amafika kumudzi sabata lomaliza la Okutobala, maluwa a Akufa asanathyoledwe. Dokotala anati chukucho sichifa ndi ulendo. M'botolo louma chikhoza kudikira miyezi.

Panja pa chipinda tinakhala pabenchi ndi mkulu wina wa ku Philippines, a Macario, amene wathyola mphesa kuno kuyambira ine ndisanabadwe. Anamva Herminia akutsokomola, n'kumasula kolala kutionetsa chipsera chachikulu pakhosi. Anati, mayi, chigwa chino chimalawa munthu aliyense kamodzi, ena chimalavula, ena chimameza, ine chinanditafuna zaka ziwiri n'kupeza kuti ndine wowawa. Herminia anamuyankha kuti ndiye iye alibe mantha, poti apongozi ake ananena kale pa tsiku la ukwati kuti mkazi ameneyu ndi tsabola. Anaseka onse awiri mpaka kutsokomola. Ine ndinalephera.

Tsopano amugoneka. Akumupatsa mankhwala achikasu a m'diripi amene amamunjenjemeretsa mpaka bedi kulira. Zimenezo akupirira. Chimene chikundiopsa ndi mutu. Kuyambira Lachinayi akudandaula mutu umene sumva mankhwala, ndipo akuti kuwala kwa pazenera kukumubaya m'maso. Nditauza namwino, anangotuluka mofulumira kukaitana dokotala. Lolemba adzamutenga madzi a pamsana kuti aone ngati chafika kumeneko. Akuti ngati chafika, mankhwala ake ndi a moyo wonse. Sindinafunse kuti moyo wonsewo ndi wautali bwanji.

Masiku ano ndikumaganiza kwambiri za amayi ndi dothi. Mukukumbuka chaka chimene atate ankafuna kutsegula munda wa kutsidya kwa mtsinje? Inu munali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ine zisanu ndi zinayi, Leobardo ali kumsana. Atate anayenda uku ndi uku, akuyeza ndi mapazi, akulankhula za chimanga chimene adzakolole. Amayi anagwada, n'kutapa dothi, n'kulifikisa m'manja, n'kuika mphuno yonse m'menemo, n'kukoka mpweya maso ali chitsinzinire ngati munthu wonunkhiza mutu wa khanda. Kenaka anaika pang'ono pa lilime. Anati ili ndi la nyemba, osati chimanga, ndipo zinaterodi. Amayi sadziwa dothi ndi maso. Amalidziwa ndi mphuno.

Ndiye ndikudziwa chimene adzachite botolo lija likafika m'manja mwawo, ndipo inunso mukudziwa. Sadzadikira tsiku la Akufa. Adzakhala pansi pomwepo, n'kutsegula, n'kuika nkhope yawo pakamwa pa botolo kufuna mwana wawo. Adzakoka mpweya kawiri, katatu. Kenaka adzaitana Rufina kuti bwera, dzanunkhize amalume ako, mwana ali m'mimbayo awadziwe. Pa tsikulo adzalithira m'mbale pa guwa pakati pa maluwa ndi buledi, m'chipinda chija chopanda zenera, n'kumakupiza lubani ndi chikupizo, nyumba itadzaza anthu. Ndikatseka maso ndimaona fumbi lija likuyandama pa kuwala kwa makandulo, monga ndinaliona m'khitchini mwanga.

Pempho langa ndi limodzi. Botololo lisatsegulidwe.

Ndikuuzani mmene lilili kuti musasokoneze. Katoni yalembedwa dzina lanu mbali zonse ndi inki yofiira. Pamwamba pali nsapato za alamu ndi nsalu ya mwana wa Rufina, zimenezo zili m'mapulasitiki awoawo. Pansi pali malaya a Leobardo a mizere yabuluu, ndipo m'kati mwake muli botolo la khofi la chivindikiro chofiira. Herminia anamata kapepala ka dzina, koma ulendo ndi wautali, mwina kamatuka. Aliyense woliona angayese ndi pinole, n'kutsegula kuti alawe. Mukudziwanso khalidwe la bambo Aniceto, loimika lole pabwalo la tchalitchi n'kumaitana mayina, aliyense n'kumasula katundu wake pomwepo anthu akuonerera. Musalole. Ngati n'kotheka, alamu akawadikire kumphambano ya msewu waukulu n'kulandira katoniyo lole isanalowe m'mudzi.

Mumasulire panja, kutali ndi nyumba, m'mawa kopanda mphepo, Rufina ndi amayi kulibe. Mumange nsalu yonyowa pamphuno ndi pakamwa. Malaya aja musawakutumule, ngakhale manja adzafuna kutero. Msewu wa kwathu ndi wa mabampu, mwina chivindikiro chalolera pang'ono. Muwamize pamodzi ndi botolo m'beseni la madzi a jiki, muwasiye momwemo kufikira masana. Ndikudziwa kuti jiki adzachotsa mtundu wa malayawo ndi fungo lake lomwe. Mundikhululukire. Mukatero mupukute botolo, musungunule kandulo, mumate phula kuzungulira chivindikiro chonse, mochindikala. Likamatidwa amayi akhoza kuligwira, kulifungata, kuliika pa guwa masiku onse awiri a Akufa. Pambuyo pake alamu akumbe pamanda a atate, mozama kufika m'chiuno, alikwirire lili chitsekere.

Ngati likafike litasweka, musasese. Muthirepo madzi ambiri mpaka lisanduke matope, mufosholere m'dzenje pamodzi ndi katoni yomwe.

Chovuta si botolo, achemwali, ndikudziwa. Chovuta ndi amayi. Mudzawauza bwanji kuti dothi limene lafunda mwana wawo ndi lakupha? Ndinaganiza zoti muwanamize, mutape dothi lina kumtsinje, musefe, muike m'botolo lina. Ndinauza Herminia maganizo amenewa dzulo. Anatsegula diso limodzi n'kunena kuti, bambo inu mwakhalitsa kunja mpaka mwaiwala amayi anu, munthu amene amasiyanitsa munda wa nyemba ndi wa chimanga ndi mphuno mungamunamize ndi dothi la kumtsinje kwake komwe? Anati adzadziwa asanamalize kukoka mpweya woyamba, ndipo kuyambira pamenepo sadzakhulupiriranso kalata iliyonse imene Otilia adzawawerengere. Ananena zoona. Musawanamize. Muwauze kuti Herminia ali m'chipatala, muwauze chifukwa chake. Koma musawauze kuti anasefa chifukwa cha mawu awo a miyala aja. Zimenezo zikhale za ine ndi inu.

Adzakufunsani funso limene inenso ndinafunsa, kuti nanga botolo likakhala lomata, Leobardo adzamva bwanji fungo lake kuti apeze khomo. Ndinakhala pambali pa bedi ndikuyang'ana madzi achikasu aja akudontha. Herminia ndi amene anandifunsa kuti kampango kaja kali kuti.

Mwina inu munaiwala. Tsiku limene ndinkachoka kumudzi, zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi zapitazo, basi italiza kale hutala, amayi anathamangira kuseri kwa nyumba n'kubwera ndi kampango komanga mfundo. Munali dothi lofiira la pansi pa mtengo wa mapeyala, pamene anakwirira michombo yathu tonse atatu. Anandiikira m'thumba la malaya n'kunena kuti madzi a kumeneko akakakukana, uzikathira pang'ono m'kapu. Sindinathirepo. Ndayenda nako ku Sinaloa, ku San Quintín, ku Oregon, ndawoloka nako malire kasanu, ndipo nthawi zonse kamakhala pansi pa sutikesi. Zaka zina ndinkakamasula pa Khirisimasi n'kununkhiza. Kankamvekabe mvula yoyamba.

Herminia anati ife tinaganiza chammbuyo. Anati munthu wosochera sumutumizira fungo la kumene wasochererako, umamupatsa fungo la kwawo kuti alitsate. Anati pitani mukamupatse, ine ndilibe kopita, mundipeza pompano.

Ndapita kumanda lero m'mawa, mphepo isanadzuke. Ndinatenga zigubu ziwiri za madzi, n'kuyamba ndanyowetsa manda onse ndi una wa agologolo womwe, nsalu yonyowa ili kumaso ngati wakuba. Ndinagwada m'matope, n'kumasula mfundo ija, imene inali italimba mpaka ndinachita kuluma ndi mano. Ndinathira dothi lofiira chakumutu kwake, lonse, osasiyako. Pa dothi lotuwa la kuno linkaoneka ngati bala. Ndinamuuza kuti, Leobardo, ili ndi la pansi pa mpeyala, mchombo wako uli momwemo, ulinunkhize bwino, pa 1 Novembala unyamuke m'mawa poti ulendo ndi wautali ndipo iwe umakoka phazi. Ndinamuuzanso kuti akafika asakhumudwe kupeza botolo lake lili lomata, si kuti tamukana.

Muwauze amayi zimenezi monga ndalembera. Muwauze kuti mwana wawo njira waidziwa, ndipo amene wamupatsa ndi iwo eni, ndi dothi limene anatapa ndi manja awo. Kampangoko ndakachapa, ndakawiritsa, ndipo ndakaika mu envulopu muno kuti akaone kuti n'kopanda kanthu. Akafuna chonunkhiza, anunkhize kameneko.

Tsopano ndinene chimene ndakhala ndikuchizemba. Mwina bambo Aniceto afulumira chaka chino. Mwina pamene mukuwerenga kalatayi, botolo lili kale pa guwa, lotsegula. Ngati zili choncho musataye nthawi ndi kulira kapena kundiyankha. Mulithire madzi pomwepo, mulitulutse, mukolope chipinda ndi nsalu yonyowa, osasesa. Kenaka mulembe tsiku limene linatsegulidwa, ndi mayina a onse amene analipo, ndipo muyambe kuwerenga. Dokotala akuti chimaonekera pakati pa sabata imodzi ndi masabata atatu. Muzimvetsera chifuwa cha amayi. Muziyang'ana misongolo ya Rufina. Wina akatentha thupi, akayamba kutuluka thukuta pogona, kapena kudandaula mutu, musapite kogula jakisoni ku sitolo ya mankhwala, ndipo musadikire kuti chikondwerero chithe. Mupite naye ku chipatala chachikulu ku Oaxaca. Kumeneko matendawa sawaona kawirikawiri, adzati ndi chifuwa chachikulu n'kumupatsa mankhwala olakwika. Muwauze kuti wapuma dothi la ku California, ndipo muwaonetse dzina limene ndalemba pansi pa kalatayi.

Mundiperekere moni kwa alamu a Saturnino, muwauze kuti nsapatozo zikawathina asandinene, ndinayeza ndi phazi langa. Moni kwa Rufina ndi mwamuna wake, kwa azakhali a Eduviges, ndi kwa amalume a kutsidya ngati akumvabe. Amalia ndi ana akupereka moni. Herminia akuti ndikuuzeni kuti sefa ija ndaitaya, ndiye mukapeza wobwera kuno mumutumizire ina ya kumsika wa Lachisanu, poti za kuno ndi zopanda ntchito. Akuti adzaifuna pa Khirisimasi. Ndalemba monga wanenera.

Amayi muwagwire dzanja m'malo mwanga. Pa guwa muikepo kandulo ya Leobardo pafupi ndi ya atate, ndipo mukamayala maluwa kuchokera kumanda, mzere wina muulozetse kumpoto, kumsewu wa basi.

Ndine mlongo wanu amene akudikira Lolemba,

Crescencio

Dzina lija ndi ili. Dokotala anandilembera pa kapepala, ndipo ndakopera chilembo chimodzichimodzi, kawiri, kuti mudule limodzi muzisunga m'thumba:

COCCIDIOIDOMICOSIS

COCCIDIOIDOMICOSIS

Mulungu alole kuti musadzapeze woti mumuonetse.